Tinagula Laputopu Kawiri

Kalata imene inafika pakhomo pathu mu Disembala 2023 inali ya masamba awiri. Tsamba loyamba linali kutiuza kuti mwana wathu wamkazi waciwiri walandiridwa ku koleji kukaphunzira unamwino, ndipo amai ake atamva analuluta nthungululu mpaka anansi anatuluka m'nyumba zao kudzafunsa cimene cagwa. Tsamba laciwiri linali ndi mndandanda wa zinthu zofunika kupita nazo: matiresi, mabulangete, ndowa, nsapato za pa nchito, mabuku olembamo, ndipo pansi peni-peni panali liu limodzi lakuti laputopu. Tinaliwerenga kawiri, tinapinda kalatayo ndi kuiika m'thumba, koma usiku umenewo tulo sitinabwere msanga.

Tikulemba nkhani iyi kwa inu makolo anzathu pakuti kalata ya mtundu umenewu idzafika pakhomo pa ambiri a inu, ngati siinafike kale. Makoleji ndi mayunivesiti ambiri tsopano amatumiza maphunziro ndi kulandira nchito za ophunzira kudzera pa intaneti, makamaka kuyambira mu 2020 pamene mliri wa Covid-19 unatseketsa masukulu. Sitikulemba monga akatswiri ai. Tikulemba monga anthu amene anagula cinthu cimodzi kawiri m'caka cimodzi, caka ca njala, ndipo tingakondwe ngati inu mudzacigula kamodzi kokha.

Ife amene tinaphunzira pa sukulu ya mishoni m'zaka za m'ma 1980 tinakula tikudziwa makina amodzi okha olembera, taipi ya mu ofesi ya ahedi. Inali yolemera ngati mphero, ndipo ubwino wake munthu anali kuuona ndi maso: citsulo cokhuthala, zilembo zokwanira, riboni yakuda bwino. Cimodzi-modzinso ndi njinga za Eagle zimene zinali kupangidwa ku Chipata. Wogula anali kugogoda felemu, kuzunguza gudumu, kukanikiza kaliyala, ndipo anali kudziwa cimene wagula. Motero tinakula ndi maganizo akuti cinthu cacikulu ndi colemera ndico colimba. Maganizo amenewa anatithandiza zaka zambiri, koma pa laputopu anatigwetsera m'mbuna, cifukwa zonse zimene zimapatsa makinawa mtengo wake zili m'kati, kumene diso silifika.

Ndalama zinacokera ku nshawa. Tinali titasunga matumba a zokolola za 2023 kuyembekezera kuti mtengo ukwere, ndipo mu Januwale 2024 tinawagulitsa onse, kusiyapo thumba limodzi la mnyumba. Mwana anaimirira pakhonde kuona matumbawo akukwezedwa pa galimoto. Tili ndi mphwathu, mwana wa mlongo wathu, amene amakonza makompyuta mu Lusaka, ndipo amai a kunyumba anatikumbutsa katatu kuti tikafika tiyambe tamuona iye. Tinabvomera ndi pakamwa pokha. Mumtima tinali kunena kuti malume amene anaphunzitsa ana a eni ake kuwerenga sangapite kukagwada kwa mnyamata amene anamunyamula ali khanda. Akulu anati safunsa anadya phula, ndipo mwambi umenewu tinauphunzitsapo ena kambiri-mbiri tisanaulawe tokha.

Tinakwera basi ya m'mamawa, tinaoloka mlatho wa Luangwa dzuwa litakwera, ndipo tsiku lotsatira tinalowa m'kasitolo kena pakati pa tauni. Mnyamata wogulitsa anali waulemu ndi wokoma pakamwa. Anayang'ana jekete yathu, anayang'ana nsapato, natiika patsogolo laputopu yaikulu yonyezimira, ya sikirini ya mainchesi 15.6. "Iyi ni i7, atate," anatero akuloza kapepala komatidwa pafupi ndi kiyibodi. "Mwana wa munthu monga imwe safunika izi zing'ono-zing'ono." Anaiyatsa ili yolumikizidwa ku magetsi, inaonetsa zithunzi zokongola, ndipo tinaikweza m'manja ndi kumva kulemera kumene kunatikhazika mtima pansi. Sanatifunse zimene mwanayo akukaphunzira, ndipo ifenso sitinaganize kuti funso limenelo likusoweka. Titapempha lisiti anati buku latha, natilembera nambala ya foni pa kacidutswa ka katoni. Tinabwerera kwathu mokondwa, tikudzitama kuti tagula yaikulu pa mtengo wa yaing'ono.

Mwana anailandira ndi manja awiri atagwada, napita nayo ku koleji. Pa miyezi isanu yotsatira, nthawi iliyonse imene tinamufunsa pa foni za laputopu, yankho linali limodzi: "Ili bwino, Atate." Caka cimeneco mvula inadula pakati pa dzinja, cimanga cinauma ciri ciimire, ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse. Madzi anacepa m'nyanja ya Kariba kumene kumacokera gawo lalikulu la magetsi a dziko lino, ndipo kuyambira mu Marichi magetsi anayamba kuzimitsidwa maola ambiri tsiku lililonse. Ife tinali otanganidwa ndi nkhawa ya nkhokwe, osadziwa kuti cilala comweco cabvundukula bodza limene tinagula mu Lusaka.

Amene anazindikira anali amai ake. Mwana atabwera ku chuthi mu Juni, iwo anaona kuti siketi yake yamukulira, ndipo pocapa zobvala anapeza m'cikwama timapepala tambiri ta malo ena otaipira. Madzulo ake anatiitana. "Inu atate a ana, khalani pansi mumve mwana wanu." Mwanayo anafotokoza maso ali pansi. Laputopu ija ikacotsedwa ku magetsi inali kuzima pasanathe mphindi 30. Poyaka inali kutenga nthawi yakuti munthu angathe kuwiritsa tiyi. Kawiri inazima iye ali pakati pa nchito yofunika kupereka m'mawa mwake, ndipo zonse zimene analemba zinatayika. Cotero anali kulemba pamanja, kenaka kulipira otaipa ndi ndalama zimene tinali kumutumizira za ndiwo ndi sopo. Masiku ena anali kudikira mnzake agone kuti abwereke yake pakati pa usiku. Titamufunsa cifukwa cimene anabisira zonsezi, anayankha motsitsa mau kuti, "Atate, ndinaona nshawa zija zikukwera galimoto. Ndikanakuuzani bwanji?"

Palibe cidzudzulo cimene cinatilasapo ngati ulemu wa mwana ameneyu. Tinaimba nambala ya pa katoni ija. Woyankha anati sakutikumbukira, ndipo anafunsa ngati tili ndi lisiti. M'dziko muno muli bungwe la boma lochedwa Competition and Consumer Protection Commission limene limalandira madandaulo a ogula, koma munthu amene umboni wake wonse ndi kacidutswa ka katoni angayambire pati? Tinameza malobvu, tinatenga foni, ndi kuimbira mphwathu uja.

Anabwera kumudzi kumapeto kwa sabata, ndipo sanatiseke ngakhale pang'ono. Cimene cinatidabwitsa ncakuti asanatsegule laputopu anatembenukira kwa mwana ndi kumufunsa kuti, "Msuweni, tandiuza, tsiku lonse umacita nayo ciani?" Mwana anawerengera pa zala: kulemba mu Word, kuwerenga mabuku a PDF, kukonza zithunzi za PowerPoint zoonetsa m'kalasi, kuonera mavidiyo a maphunziro, kulowa m'makalasi a pa Zoom, ndi kuinyamula m'cikwama kucoka ku hositelo kupita ku kalasi ndi ku laibulale. Mphwathu anati, "Amalume, yankho lonse lili m'zimene wanenazi. Uyu afunika yopepuka, yosunga moto nthawi yaitali, yoyaka msanga. Mphamvu zoposa pamenepa mukanangolipira cabe."

Anatifotokozera kuti ophunzira unamwino, uphunzitsi, zamalonda kapena zamalamulo amacita nchito zofanana ndi zimenezi, ndipo makina apakati amawakwanira bwino lomwe. Zimasintha kwa mwana wophunzira uinjiniya kapena kujambula mapulani a nyumba, amene adzafuna mapulogalamu olemera monga AutoCAD, kapena wokonza mavidiyo. Ameneyo afunika makina amphamvu, ndipo kumugulira ocepa ndi kutayanso ndalama. Mwini golosale wofuna kusunga mawerengero mu Excel sasowa zambiri. Anaticenjezanso za malaputopu ochedwa Chromebook, amene amakopa makolo cifukwa ca kuchipa kwao: sayendera Windows, mapulogalamu ambiri a Windows salowamo, ndipo amathandiza kweni-kweni kumene intaneti ili yodalirika. Cotero nzeru yoyamba ndi kufunsa ku koleji, kapena kwa ophunzira a caka caciwiri, mapulogalamu amene amagwiritsa nchito, ndalama zisanatuluke m'thumba.

Atatero anatsegula makina athu ndi kutionetsa zinthu zinai zimene wogula aliyense ayenera kuzidziwa. Coyamba ndi purosesa, imene imagwira nchito yonse ya kuwerengera. Ife tinakopedwa ndi dzina lakuti i7, podziwa kuti 7 aposa 5 ndi 3. Koma dzinalo lili ndi mbali yaciwiri imene wogulitsa sanaichule, ndiyo mbadwo wake. Yathu inalembedwa kuti i7-4510U, ndipo nambala yoyamba pambuyo pa kamzere, 4, imasonyeza mbadwo wacinai. Purosesa imeneyi inatuluka mu 2014. Ina yochedwa i5-8250U, ya mbadwo wa 8, inatuluka mu 2017 ndipo imaiposa kutali ngakhale kuti dzina lake likuoneka laling'ono. Kuyambira mbadwo wa 10 munthu amawerenga manambala awiri oyamba. Makina ena ali ndi mapurosesa a AMD Ryzen, amenenso ndi abwino. Tinali titagula ng'ombe ya mtundu wochuka osaiyang'ana mano.

Nkhani ya mbadwo ili ndi mbali inanso. Windows 11, imene inatuluka mu 2021, imalandira mapurosesa a Intel Core kuyambira mbadwo wa 8 kupita mtsogolo, kupatulapo ocepa cabe. Mphwathu anatiuza tsiku lomwelo kuti kampani ya Microsoft inali italengeza kale kuti idzaleka thandizo la nthawi zonse la Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo zinacitikadi motero. Laputopu yotsalira pa Windows 10 imayakabe ndi kugwira nchito, koma ikaleka kulandira zotseka mipata imene akuba a pa intaneti amalowerapo imakhala ngati nyumba imene mwini wake analeka kukonza zitseko. Makina akale otere adzaza m'masitolo pa mitengo yokopa, ndipo kholo losadziwa ndilo limawanyamula.

Caciwiri ndi cacitatu anatifotokozera potenga licero la amai ake a mwana limene linali pakhonde. Anati nkhokwe ndi malo osungira zonse, koma mai sapeta cimanga m'nkhokwe. Amatapa m'licero, ndipo kukula kwa licero ndiko kumanena kuculuka kwa cimanga cimene angapete nthawi imodzi. Licero la kompyuta limachedwa RAM. Yathu inali ndi 4GB, ndiye cifukwa cake inali kuima mwana akatsegula buku, Word ndi intaneti pamodzi. Wophunzira wa masiku ano afunika 8GB, ndipo wa mapulogalamu olemera afunika 16GB. Nkhokwe nazo zili za mitundu iwiri. Yakale, hadi disiki, ili ndi kambale kozungulira ndi kamkono kowerenga, ndipo imacedwa ndiponso imaonongeka msanga ndi kugwedezeka kwa m'basi kapena pa njinga. Yatsopano, SSD, ilibe canthu coyenda m'kati, ndipo makina okhala nayo amayaka m'timphindi towerengeka. Wogulitsa uja anatinyadira kuti yathu ili ndi 500GB, osanena kuti ndi hadi disiki. SSD ya 256GB ikanamutumikira mwana bwino kwambiri.

Cacinai ndi batire, ndipo kwa ife a m'dziko lino mwina ndico coyamba. Batire ya laputopu imakalamba pang'ono-pang'ono nthawi iliyonse imene yadzazidwa ndi kutha, ndipo kunja sionetsa ukalamba wake. Pali njira yoifunsa. Mphwathu anatsegula kazenera kakuda kochedwa Command Prompt, analembamo mau akuti powercfg /batteryreport, ndipo makinawo anatulutsa lipoti loonetsa manambala awiri: moto umene batire inali kusunga ili yatsopano, ndi umene ikusunga tsopano. Yathu inali itatsala ndi gawo locepera limodzi mwa magawo asanu. Kwa amene sangakumbukire mau amenewa, njira ina ndi yapafupi: uzani wogulitsa acotse chaja, muyatse vidiyo, mukhale pansi theka la ola mukuyang'ana mmene nambala ya batire ikutsikira. Wogulitsa woona mtima adzakupatsani mpando. Amene adzayamba kukufulumizitsani wakuuzani kale zimene munafuna kudziwa.

Tinafunsa ngati sikungatheke kungoikonza yomweyo. Mphwathu anati kawiri-kawiri imeneyo ndiyo nzeru: laputopu imene si yakale kwambiri imatsitsimuka ikaikidwa SSD, RAM yoonjezera ndi batire yatsopano, pa mtengo wocepa kuposa kugula ina, ndipo makolo amene ali ndi makina ogona m'nyumba ayambe afunsa za zimenezi. Koma yathu inali ya zaka khumi, mahinji ake anali atayamba kung'aluka, sikanalandira Windows 11, ndipo kulemera kwake kukanakhalabe pa msana wa mwana. Kuthiramo ndalama kukanakhala kufolera udzu watsopano pa nyumba ya mizati yodyedwa ndi ciswe.

Kugula kwaciwiri kunawawa kuposa koyamba, pakuti nshawa kunalibe ndipo nkhokwe inali pafupi kuonetsa pansi. Tinagulitsa mbuzi zinai pa mtengo wa caka ca njala, mwana wathu woyamba anaonjezapo za m'thumba mwake, ndipo ulendo uno tinapita atatu. Mphwathu anatilangiza kuyang'ana makina amene anapangidwira maofesi, monga Lenovo ThinkPad, Dell Latitude kapena HP EliteBook, pakuti ngakhale atagwirapo nchito amakhala olimba, ndipo zipangizo zao zimapezeka kwa okonza. Ife tinakhala pa mpando, manja pa maondo, ndi kuona mwana akuyesa yekha. Anatsegula tsamba loyera kuti aone ngati sikirini ili ndi madontho kapena mizere. Anadina zilembo zonse cimodzi-cimodzi, pakuti makina ena ocokera kunja ali ndi kiyibodi ya Cifalansa imene zilembo zake zinasanjidwa mosiyana. Anayesa kamera, maikolofoni, zibowo zonse za USB ndi Wi-Fi, anatsegula ndi kutseka civundikiro, anaona lipoti la batire, ndipo anatsimikiza kuti palibe mau acinsinsi a mwini wakale otsekera makinawo. Pomaliza anaiika m'cikwama cake ndi kuyenda nayo uku ndi uku m'sitolomo.

Imene anasankha inali yakuda, yosanyezimira, ya mainchesi 14, yokandika pa ngodya imodzi: i5 ya mbadwo wa 8, RAM ya 8GB, SSD ya 256GB. Tikanakhala tokha sitikanaiyang'ana kawiri. Tisanapereke ndalama tinapempha lisiti la dzina la sitolo, lolembedwapo nambala ya makina imene ili kunsi kwake, ndi miyezi ya citsimikizo imene tinapangana. Nambala imeneyi imateteza pawiri: imathandiza pobweza katundu, ndiponso imaonetsa kuti munagula poyera, pakuti malaputopu obedwa m'mahositelo amagulitsidwanso, ndipo wopezeka ndi katundu wakuba amakhala ndi mlandu woyankha. Mphwathu anaonjezapo kuti mwana asunge nchito zake pawiri, m'makina ndi pa fulashi kapena pa intaneti, ndiponso kuti acotse chaja ku khoma magetsi akazima, popeza nthawi zina amabwera ndi mphamvu yoononga.

Pofika mu Seputembala 2024 nyumba zambiri zinali kuona magetsi maola owerengeka okha pa tsiku, nthawi zina pakati pa usiku. Mwana anali kudzuka kudzaza kalaputopu kake, ndipo moto umenewo unali kumufikitsa madzulo ngati augwiritsa mosamala. Ndalama za ndiwo zinabwerera ku ndiwo. Pa chuthi ca Disembala siketi ija inamukwananso, ndipo amai ake anatiyang'ana osanena kanthu, kuyang'ana kumene amuna okwatira amakudziwa bwino.

Makolo anzathu, kalata ya masamba awiri ikafika kwa inu, musanyamuke m'mamawa mwakacetecete monga tinacitira ife. Khalani pansi ndi mwana amene adzagwiritsa nchito makinawo, mumufunse zimene adzacita nao, mulembe pa pepala, ndipo mupite naye pamodzi ndi munthu wodziwa, ngakhale akhale wamng'ono kwa inu ndi zaka makumi atatu. Mumuuzenso mwanayo momveka kuti cinthu cikapanda kugwira nchito anene msanga, pakuti ana athu olemekeza makolo amatha kugona ndi njala kuti atisungire ulemu.

Laputopu yaikulu ija tikali nayo. Imakhala pa thebulo la pabalaza, cingwe cake cili ku khoma nthawi zonse ngati mbuzi yomangidwa pa cikhomo, ndipo mwana wathu wotsiriza amaphunzirirapo kutaipa magetsi akakhalapo. Nkhani imene mwawerengayi taitaipa pa iyo yomweyo, ndi zala ziwiri, tikusunga ndime iliyonse tisanayambe ina.